Phungu wa Wagga Wagga ndi wa chipani chiti kwenikweni?

Nachisale_Riverina
Moni nonse pagulu pano. Unzika wa Australia unatuluka, ndiye chisankho cha New South Wales cha mu Malichi 2027 ndiponya nawo koyamba. Ndimakhala ku Wagga Wagga. Chikundizunguza mutu ndi ichi: anzanga kuntchito amati dera lino ndi la Liberal kuyambira makedzana, koma m'nyuzipepala ndimangoona Michael McCormack wa National akutchedwa phungu wathu, kenako wina n'kundiuza kuti ayi, phungu ndi Dr Joe McGirr yemwe alibe chipani. Ndiye zoona ndi ziti? Ndipo ngati dera linali la Liberal zaka zonsezo, linawapulumuka bwanji?

Bwande77
Onse akunena zoona achemwali. Kuno aphungu ndi ambiri kuposa mavuto.

Chimtali_Canberra
Mwasakaniza nyumba ziwiri za malamulo. McCormack ndi wa nyumba ya dziko lonse kuno ku Canberra, dera lake limatchedwa Riverina, ndipo ali pampandowo kuyambira 2010. McGirr ndi wa nyumba ya malamulo ya New South Wales ku Sydney, yomwe ili ndi mipando 93, dera lake ndiye Wagga Wagga. Zipatala, sukulu za boma, apolisi ndi misewu yambiri zili m'manja mwa boma la ku Sydney. Za viza, misonkho ya pamalipiro ndi Medicare (ndondomeko ya boma yolipirira chithandizo cha zaumoyo) ndi za Canberra. Mu 2027 mukasankha wa ku Sydney.

MkuluWaKuAlbury
Mwana wanga Nachisale, funso lako lachiwirilo ndi limene lili ndi nyama. Ndiyambira patali pang'ono, upirire.

Mawu akuti "dera la Liberal" ine ndimawakayikira. Tawerenga aphungu a Wagga kuyambira 1941. Eddie Graham wa Labor, 1941 mpaka 1957. Wal Fife wa Liberal, 1957 mpaka 1975. Joe Schipp wa Liberal, 1975 mpaka 1999. Daryl Maguire wa Liberal, 1999 mpaka 2018. Joe McGirr woima payekha, 2018 mpaka lero. Anthu asanu okha pa zaka zoposa 80.

Tsono taona mmene aliyense anachokera pampando. Graham anamwalira ali phungu. Fife anatula pansi yekha kuti akapikisane ku nyumba ya ku Canberra, komwe anapambana dera la Farrer. Schipp anapuma. Maguire anachoka chifukwa cha nkhani ya katangale. Palibe ngakhale mmodzi amene anthu a Wagga anamugwetsa pa tsiku la voti. Phungu womaliza kuluza ali pampando anali Matthew Kilpatrick wa Country Party, chipani chimene lero chimatchedwa National, ndipo zimenezo zinachitika mu 1941, chaka chimene William McKell anatenga boma ndi Labor atapita dala kukasaka anthu odziwika kumadera a alimi kuti aimire chipani chake. Graham anali mmodzi wa anthu amenewo. Anali mlimi, ndipo anakhala nduna ya zaulimi kuyambira 1944 mpaka imfa yake.

Ndiye dera limene anthu amati silingavotere Labor linasunga phungu wa Labor zaka 16. Atangomwalira, pa chisankho chachibwereza, mpando unapita kwa mnyamata wa zaka 28 wa Liberal. Anthuwo sanasinthe maganizo usiku umodzi. Ankavotera Graham, osati chipani cha Graham. Wagga imakakamira munthu. Chipani chimalowa kapena kutuluka pokhapokha mpando ukakhala wopanda mwini.

Chimtali_Canberra
Akulu, mbiriyo mwaiyala bwino koma mfundo yanu ndikuikana theka. Mpando unakhala wopanda mwini mu 1975, unapita kwa Liberal. Unakhalanso wopanda mwini mu 1999, chaka chimene Bob Carr wa Labor anapambana kwambiri mu New South Wales yense, koma Wagga inasankhabe Liberal. Akanakhala kuti anthu amangoyang'ana munthu, bwenzi pamenepo pataoneka kusintha. Zaka 61 za chipani chimodzi si ngozi.

MkuluWaKuAlbury
Sindikukana kuti dera limapendekera kumbali ya Liberal ndi National. Ndikunena kuti kupendekerako n'kosalimba ngati mmene a ku Sydney ankaganizira. 2018 inaonetsa poyera.

Nachisale_Riverina
Mu 2018 chinachitika n'chiyani? Nthawi imeneyo ndinali ndisanabwere.

NamwinoWaUsiku
Ine ndinalipo, ngakhale ndinali ndisanayambe kuvota. Mu Julaye chaka chimenecho bungwe lofufuza za katangale la ICAC linkafunsa anthu pa nkhani ya khonsolo ya Canterbury ku Sydney. Nkhaniyo sinali ya Wagga n'komwe. Koma anaulutsa matelefoni omwe anawatchera, ndipo m'menemo munamveka mawu a Maguire akukambirana ndi khansala wina za gawo la ndalama limene angapeze pothandiza kampani ya ku China kugula malo. Anatuluka m'chipani cha Liberal, koma poyamba anakana kusiya uphungu. Anthu kuno anakwiya koopsa. Patapita masabata angapo anagonja, n'kutula pansi, chisankho chachibwereza chinaikidwa pa 8 Sepitembala.

Chimene chinkawawa anthu ambiri omwe ndinkacheza nawo sichinali ndalama zokha ayi. Ankati munthu tinamutuma kuti akatiyankhulire, iye ali kalikiliki ndi mapuloti a ku Sydney, mtunda wa makilomita oposa 400 kuchoka kuno.

Bwande77
Ndiye akanadyera za ku Wagga konko akanamukhululukira? 😂

NamwinoWaUsiku
Achimwene musandiyike mawu m'kamwa.

Chimtali_Canberra
Manambala a tsiku limenelo ndi ochititsa chidwi, ndipo akuonetsanso mmene mavoti amawerengedwera kuno. Mu 2015 Maguire anapeza mavoti oyamba oposa theka. Mu 2018 Julia Ham, yemwe anaimira Liberal, anapeza pafupifupi 25 pa 100 aliwonse. McGirr naye pafupifupi 25. Dan Hayes wa Labor pafupifupi 24. Anthu atatu ali phewa ndi phewa, ndipo Ham ndiye anali patsogolo ndi timavoti tochepa kwambiri.

Koma kuno sapambana amene wangotsogola. Papepala lovotera mumalemba 1 pa amene mukumufuna, ndipo mukafuna mumapitiriza 2, 3, 4. Powerenga, ngati palibe wafika theka, amachotsa wotsalira kwambiri n'kugawa mapepala ake motsata nambala yachiwiri. Amatero mpaka patatsala awiri. Ovotera ena aja ambiri anali ataika McGirr pamwamba pa Liberal, ndiye pomaliza anatuluka ndi pafupifupi 60 pa 100.

WaKuArea25
Ine ndikuwerenga ndili ku Lilongwe. Ndiye kuti chikanakhala chisankho cha aphungu cha kuno, mayi Ham akanapambana ndi 25 pa 100, anthu atatu mwa anayi aliwonse asakuwafuna?

Chimtali_Canberra
Eya, ndendende.

WaKuArea25
Zimenezo kuno timaziona chisankho chilichonse. 50+1 ija inangothera pa pulezidenti.

MaiAkeTadala
Pepani ndilowerere. A Nachisale, tsiku lovota limakhala Loweruka, ndipo musadye kunyumba. Pa sukulu zambiri zovotera makolo amawotcha masoseji kugulitsa kuti apeze ndalama za sukulu, ena amagulitsa makeke. Ana anga amadikira tsiku limeneli kuposa ine. Komanso pepala lovotera nyumba ina ya malamulo ya ku Sydney komweko, Legislative Council, ndi lalikulu ngati chitenje, musadabwe nalo.

Bwande77
Ndipo mukajomba ndi $55 chindapusa. Soseji ya $3 kapena chindapusa cha $55, sankhani.

Nachisale_Riverina
Zoona amalipiritsa? Ndimayesa amangoopseza.

MaiAkeTadala
Kalata imabwera ndithu. Amakufunsani chifukwa chake, ngati chili chomveka monga matenda amakukhululukirani. Koma n'kujomberanji, poti mukhoza kuvota masiku angapo tsikulo lisanafike. Ife ogwira mashifiti timatero. Mwa njira, alipo akupita ku Sydney sabata ino andigulireko ufa woyera? Wa kuno wachikasu uja nsima yake ana akukana.

Admin_Gulu
Mayi, za ufa zili ndi ulusi wake. Tibwerere ku Wagga.

MkuluWaKuAlbury
Pa kawerengedwe kaja pali kanthu kamodzi kamene Chimtali wadutsa mothamanga. Pa chisankho cha ku Canberra uyenera kulemba manambala m'mabokosi onse, ukasiya pepala lako lawonongeka. Pa cha New South Wales ukhoza kulemba 1 yekha basi n'kutuluka. Ukatero, munthu wakoyo akachotsedwa, voti yako yathera pomwepo, siipita kwa wina aliyense.

Ichi n'chifukwa chake Liberal ndi National amaopa kupikisana okhaokha m'dera limodzi. Ali pa mgwirizano, koma akaimika anthu awiri, wovotera National wina amalemba 1 yekha, voti ija siifika kwa Liberal, onse awiri n'kuluza. Ndiye amagawana madera. Mu 2018 a National ankalifuna dera la Wagga, ankati ndi la kumidzi, ndi lawo mwachibadwa, koma pomaliza sanaimike munthu, anawasiyira a Liberal. Mu 2019 anasinthana: a Liberal anakhala pansi, a National n'kuimika wawo. McGirr anapambanabe, mavoti ake oyamba atakwera kupitirira 40 pa 100. Mu 2023 zipani zonse ziwiri zinaimika anthu, Julia Ham anabweranso, zinakanikanso. Njira zitatu zonse aziyesa.

Bwande77
Ndiye kuti vuto si njira.

Nachisale_Riverina
Koma n'chifukwa chiyani poyamba pomwe linali la Liberal osati National? Madera otizungulira ngati Cootamundra ndi a National.

Chimtali_Canberra
Mbali ina ndi mbiri chabe. Fife atatenga mpando mu 1957, mwambo wa mgwirizano wawo unali woti sulimbana ndi phungu wa mnzako ali pampando. Aphungu ake anali okhalitsa, ndiye mpata unkapezeka kamodzi pa zaka 20. Mbali ina ndi mtundu wa anthu ake. Wagga ndi mzinda waukulu kuposa yonse ya kumtunda mu New South Wales. Kuli Kapooka kumene asilikali atsopano amaphunzirira, kuli malo a asilikali a ndege ku Forest Hill, kuli Charles Sturt University, kuli chipatala chachikulu chothandiza chigawo chonse. Ovota ambiri ndi a pamalipiro ndi a mabizinesi a m'tauni, osati alimi a tirigu ndi nkhosa. Alimiwo alipo, ku Lockhart ndi midzi yozungulira, ndipo dera limafika mpaka ku Tumut kwa a matabwa, koma mavoti ochuluka ali mumzinda. Albury kwa akuluwa n'chimodzimodzi, nako phungu wake ndi wa Liberal.

Kamdothi_Tumut
Mwatitchula ndiye ndiyankhe. Anthu mukamakamba za 2018 mumangoti Maguire, Maguire. Kuno mkwiyo unayamba kale. Mu 2016 boma la Mike Baird linaphatikiza makhonsolo mokakamiza, Tumut ndi Tumbarumba n'kukhala Snowy Valleys. Gundagai anaiphatikiza ndi Cootamundra. Anthu a m'matauni ang'onoang'ono anaona kuti a ku Sydney akuwapangira zinthu osawafunsa. Chaka chomwecho boma linafuna kuletsa mipikisano ya agalu othamanga, yomwe kumidzi kuno ili ndi anthu ake. Zotsatira zinaonekera ku Orange mu Novembala 2016: dera limene National inaligwira zaka zambirimbiri linapita kwa Phil Donato wa chipani cha Shooters, Fishers and Farmers ndi mavoti 50 okha. Mu 2019 chipani chomwecho chinatenganso Murray ndi Barwon. Wagga inali gawo la mphepo imeneyo. Maguire anangotsegula chitseko.

Chimtali_Canberra
Onjezaninso kuti pa 24 Ogasiti 2018 a Liberal a ku Canberra anachotsa Malcolm Turnbull pa unduna waukulu n'kuika Scott Morrison. Masabata awiri chisankho cha Wagga chisanachitike. Dzina la Liberal linali pa TV usiku uliwonse, anthu akulimbana okhaokha.

NamwinoWaUsiku
Zonsezo n'zoona koma mukuchepetsa munthuyo. McGirr sanagwe kuchokera kumwamba mu 2018. Ndi dokotala, anagwira ntchito ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi kuno, kenako anali mmodzi wa oyendetsa zaumoyo m'chigawo. Anaimapo kale payekha mu 2011, nkhani yake yaikulu ili chipatala chakale chimene maboma ankangolonjeza kumanganso. Chaka chimenecho Barry O'Farrell ndi mgwirizano wa Liberal ndi National anasesa New South Wales yense, koma McGirr anapeza pafupifupi 30 pa 100 ku Wagga. Munthu wopanda chipani, m'chaka chimene Liberal inali pamwamba penipeni. Chenjezo linali limenelo, zaka 7 nkhani ya ICAC isanabwere.

MkuluWaKuAlbury
Mayi mwandithandiza. Ndi zimene ndikunena. Ndipo dzina la McGirr si lachilendo m'ndale za kuno. Agogo ake, Greg McGirr, anatsogolerapo Labor kwa kanthawi mu 1923, ndipo m'bale wa agogo akewo, James McGirr, anali mtsogoleri wa boma la New South Wales kuyambira 1947 mpaka 1952. Mdzukuluyo sanalowe Labor. Akanalowa ndikukayika ngati akanapambana, chifukwa wovotera Liberal wokwiya amatha kulemba 1 pa dokotala woima payekha koma dzanja limalemera kulemba 1 pa Labor.

Bwande77
Apa ndiye mwadzitsutsa nokha akulu. Mwati amavotera munthu osati chipani, pano mukuti munthu yemweyo akanavala malaya a Labor akanaluza.

MkuluWaKuAlbury
Iwe Bwande, chipani chimatha kukutsekera khomo, koma sichikulowetsa m'nyumba. Ham anali ndi chipani choyenera, sanalowe.

WaKuArea25
Funso langa ndi lina. Kuno oima paokha amapambana ambiri, mu 2019 analipo 55, koma nyumba isanatsegulidwe n'komwe ambiri amakhala atalengeza kuti "agwira ntchito ndi boma". Ameneyu sanalowe chipani cholamula?

Chimtali_Canberra
Sanalowe. Koma nkhani yake ili ndi mbali ziwiri. Mu Malichi 2023 Labor ya Chris Minns inapeza mipando 45, pomwe yofunika kuti ulamule wekha ndi 47. McGirr, Alex Greenwich wa dera la Sydney ndi Greg Piper wa Lake Macquarie analonjeza kuti savotera kugwetsa boma ndipo adutsitsa bajeti. Pa malamulo ena onse amavota mmene aonera. Piper anakhala sipikala. Ndiye dera limene silinasankhe Labor kuyambira nthawi ya Graham lili ndi phungu amene akuthandiza kuti boma la Labor liime.

Kamdothi_Tumut
Ndipo a National adzaimba nyimbo imeneyo mu 2027, dikirani. Adzati kuvotera McGirr ndi kuvotera Minns.

NamwinoWaUsiku
Aimbe. Funso limene anthu amafunsa ndi lakuti kodi ndani amamvedwa ku Sydney, phungu wa m'chipani chotsutsa wokhala kumbuyo kapena munthu amene boma likusowa voti yake? Anamupatsa kutsogolera komiti ya nyumba ya malamulo yoona zaumoyo m'madera akumidzi. Kwa ife a m'zipatala imeneyo si nkhani yaing'ono.

Bwande77
Komiti siichiritsa munthu. Madokotala akumidzi akusowabe.

NamwinoWaUsiku
Akusowadi, ndipo ndikudziwa kuposa inu. Koma zaka 61 za dera "lotetezeka" zinawabweretsa?

Nachisale_Riverina
Mwina ndikusokoneza, koma Maguire yemweyu si amene dzina lake linamveka pa nkhani ya Gladys Berejiklian?

MkuluWaKuAlbury
Yemweyo. Pa chisankho cha 2018 Berejiklian anali mtsogoleri wa boma, ndipo anabwera ku Wagga kudzachita kampeni ndi malonjezo a ndalama zambiri. Panthawiyo anthu sankadziwa kuti iye ndi Maguire anali pa ubwenzi wachinsinsi kwa zaka. Zinaululika mu Okutobala 2020, iye mwini akupereka umboni ku ICAC. Patatha chaka, mu Okutobala 2021, bungwelo litalengeza kuti likumufufuza, anatula pansi udindo. Nkhani inali pa ndalama za boma zopita ku Wagga, makamaka $5.5 miliyoni ya bungwe la masewera owombera la Australian Clay Target Association, ndi ndalama za sukulu ya zoimbaimba ya Riverina Conservatorium of Music, zomwe Maguire ankazilimbikira, Berejiklian osaulula za ubwenzi wawo. Mu Juni 2023 ICAC inapeza kuti onse awiri anachita katangale woopsa, ngakhale sinanene kuti Berejiklian azengedwe mlandu. Berejiklian amakana kuti analakwa, anapita ku khothi la apilo, mu 2024 analuza.

Bwande77
Ndiye dera limodzi la kumidzi linagwetsa mtsogoleri wa boma lonse. Wagga musamaidelere.

WaKuArea25
Chondidabwitsa ine n'chakuti ndalamazo zinapitadi ku dera, nyumba n'kumangidwa, komabe akuti katangale. Kuno phungu wotero tikanamuimbira nyimbo.

Chimtali_Canberra
Nkhani sinali yoti wina anaika ndalamazo m'thumba. Inali yoti amene ankatenga nawo mbali pogamula anali ndi chifukwa chobisika chokondera mbali imodzi, pomwe madera ena 92 nawo ankapempha. Ku Wagga komweko alipo amene amaganiza ngati inu, amati bola tinapeza.

MaiAkeTadala
Ine mwamuna wanga ndi mmodzi wa iwo, timakangana nazo patebulo mpaka nsima kuzizira.

Kamdothi_Tumut
A Nachisale, langizo langa ndi lakuti musangolemba 1 yekha. Pa geti adzakupatsani timapepala ta zipani tokuuzani mmene mulembere manambala, ndipo ena adzakuuzani kuti 1 yekha akwana. Akwanadi mwalamulo, koma amene amakuuzani zimenezo nthawi zambiri ndi amene akuopa nambala yanu yachiwiri. Lembani mmene mukufunira inuyo mpaka pamene mwathera anthu owadziwa.

Nachisale_Riverina
Zikomo nonse, mutu wayera. Kwatsala kamodzi. McGirr akadzapuma, dera libwerera ku Liberal?

Chimtali_Canberra
Ine ndikuti National. Akhala akulilakalaka kuyambira 1941, ndipo a Liberal alibenso phungu wapampando woti awaletse.

NamwinoWaUsiku
Ine ndikuti woima payekha wina. Donato, Helen Dalton wa ku Murray ndi Roy Butler wa ku Barwon anatuluka m'chipani chawo chija mu 2022, n'kupambananso mu 2023 opanda chipani. Anthu akumidzi azolowera tsopano, mantha aja anatha.

MkuluWaKuAlbury
Zidalira amene adzaime, ndipo ameneyo mwina pano ali pa khonsolo kapena m'chipatala, sitikumudziwa. Chimene ndingabetche n'chakuti McGirr akaimanso mu 2027 sagwa.

Bwande77
Tibetche soseji akulu. Admin akhale mboni.

Admin_Gulu
Ndalemba. A Nachisale, onetsetsani kuti adiresi yanu pa kaundula wa ovota ndi ya kumene mukukhala panopa, makamaka ngati munasamuka chilandirireni unzika.